Khalidwe lolamula mwa ana aang'ono

Pakati pa miyezi 18 ndi zaka zitatu, ana ambiri amayamba kulamula anzawo ngakhalenso akuluakulu. Mwana amaloza pamphasa n'kuuza agogo ake kuti "Khalani apa!", kapena amakankha dzanja la amayi ake pamene akufuna kumuveka nsapato. Ambiri amati umenewu ndi mwano, koma kwenikweni ndi mbali ya kakulidwe. M'buku lake la mu 1950, Childhood and Society, Erik Erikson anafotokoza kuti pa msinkhu umenewu mwana amalimbikira kudzichitira yekha zinthu, ndipo akamaponderezedwa nthawi zonse amakula ndi manyazi komanso kudzikayikira. Kafukufuku wa Heinz Wimmer ndi Josef Perner wa mu 1983 anasonyezanso kuti ana osakwana zaka zinayi amavutika kuzindikira kuti munthu wina angakhale ndi maganizo osiyana ndi awo. Kwa mwanayo, chimene iye akudziwa ndicho aliyense akudziwa.

Ena amatsutsa ponena kuti kumumvetsa chonchi n'kumulekerera, ndipo mwana wolekereredwa amavutadi. Koma kuletsa sikufuna mkwapulo. M'zaka za m'ma 1960, Diana Baumrind wa ku University of California, Berkeley, anapeza kuti ana odziletsa bwino anali a makolo achikondi koma osasunthika pa malamulo amene anawafotokoza momveka. Choncho mwana angasankhe yekha kapu yofiira kapena yobiriwira, koma za kusamba, kugona ndi kugwirana dzanja powoloka msewu amagamula ndi makolo. Mwana akalamula mokalipa, auzidwe modekha kuti apemphe mwaulemu, ndipo chinthucho apatsidwe akapempha. Khalidweli limachepa mwana akamadziwa kulankhula bwino ndi kusewera mosinthana ndi anzake.