Mawu otsogola wansembe m'gombe la Lago

Achinyamata a mpingo wathu masiku ano amalemba mauthenga a sabata yonse tsiku limodzi, n'kuwatchera kuti Facebook iziwatulutsa yokha m'mawa uliwonse. Chifukwa chake n'chomveka: netiweki ya kuno imabwera n'kuthawa, ndiye ukaipeza ku Metangula umagwiriratu ntchito yonse. Akuluakulu ena akuti izi n'zachilendo. Ine sindikuvomereza, pakuti mpingo wa Anglican m'gombe lino unaleredwa ndi mwambo wokonzeratu mawu ake.

William Percival Johnson wa mishoni ya UMCA anafika kunyanja kuno mu 1882 pamodzi ndi Charles Janson, yemwe anamwalira chaka chomwecho. Johnson anaona kuti midzi yathu inandandana m'mphepete mwa madzi, mapiri ali kumsana, kotero msewu weniweni ndi nyanja. Mu 1885, chaka chimene mishoni inakhazikika pa Likoma, sitima yanthunzi yotchedwa Charles Janson inalowa m'madzi. Mu 1901 panabwera ina yaikulu, Chauncy Maples, yopangidwa ku Glasgow n'kunyamulidwa zidutswazidutswa. Dzinalo linali la bishopu amene anamira m'nyanja yomweyi mu 1895. M'sitimamo munali popempherera ndi pophunzirira.

Koma ansembe anali ochepa, midzi yambirimbiri. Wansembe ankangodutsa; wokhala ndi anthu anali mphunzitsi. Ambiri anaphunzira ku koleji ya St Michael's ku Kobwe, komwe lero timalemba Cobué. Ku Msumba, Messumba wa lero, kunali Augustine Ambali, munthu wowomboledwa ku ukapolo amene anayamba monga mphunzitsi nadzakhala wansembe.

Ntchito ya aphunzitsiwa ndiyo imandikhudza mtima. Pasaka sakhala tsiku limodzi chaka ndi chaka, ndipo akasuntha, Lachitatu la Phulusa ndi Pentekoste zimasuntha naye. Mphunzitsi wa m'mudzi wakutali anayenera kudziwiratu zonsezi, ndi mawu owerenga Lamulungu lililonse, kuchokera m'mabuku a Chinyanja osindikizidwa pa Likoma. Ukwati ankaulengeza masabata atatu otsatana usanadalitsidwe, kuti wodziwa choletsa anene. Ofuna ubatizo ankaphunzitsidwa nthawi yaitali kuti wansembe akatsika awapeze okonzeka. Ngakhale sitimayo inkafuna kukonzeredwa: inkadya nkhuni, ndipo nkhunizo zinayenera kudulidwa ndi kuunjikidwa pagombe utsi wake usanaoneke.

Agogo anga aakazi ankasimba kuti tsiku lolonjezedwa silinali la munthu ayi. Mwera ukakunta, sitima inkabisala pena pake, anthu n'kudikira ufa atasinja kale. Apa mphunzitsi ankaimba belu, n'kuuza anthu kuti ubatizo wasunthidwa, koma mapemphero achitika. M'mudzi mukagwa maliro, ankasiya phunziro limene anakonza n'kupita kusiwa. Ndondomeko inkachokera ku Likoma, koma woigwira anali munthu wodziwa amene wagona ndi njala ndi amene wataya mwana usiku wathawo.

Nkhondo yomenyera ufulu itafika ku Cobué mu 1964, mabanja ambiri anawolokera ku Likoma ndi ku Tanzania, ndipo pambuyo pa ufulu wa 1975 panadzanso nkhondo ina. Midzi ina inakhala nthawi yaitali osaona wansembe. Akatekisiti ndiwo anapitiriza kuwerenga masabata a Lenti ndi Adiventi.

Chimene chikusowa pa foni ndi munthu wonga mphunzitsi uja. Uthenga wotcheredwa umatuluka nthawi yake ngakhale bwato litagubuduzika ndi asodzi dzulo lake, ndipo umatuluka ndi chisangalalo chomwe unalembedwa nacho Lolemba. Pamsonkhano wa akuluampingo ndinapempha kuti achinyamata apitirize kutchera mawu owerenga ndi masiku a zikondwerero, popeza amenewo sasintha, koma nambala yachinsinsi ya tsamba la Facebook ikhale ndi anthu awiri, mmodzi wokhala komwe netiweki imagwira, ndipo katekisiti akamva za maliro kapena ngozi ya panyanja amuimbire kuti aimitse uthenga wa tsikulo.