Nambala Yokana Kugawidwa

Tiyeni tiyione

Nambala yake ndi iyi: 2,147,483,647. Ndi yaitali, koma musaiope. Ndi mabiliyoni awiri ndi kupitirira pang'ono. Mutati muziwerenga nambala imodzi pa sekondi iliyonse, usana ndi usiku osapuma, mungaifike patatha zaka 68.

Nambala zosagawika

Mango 12 mukhoza kugawira ana awiri, atatu, anayi kapena asanu ndi mmodzi, onse n'kulandira mofanana. Mango 7 satheka. Ana awiri, limatsala limodzi. Ana atatu, limatsalanso limodzi. Nambala ngati 7 imagawika ndi 1 komanso ndi iyo yomwe basi. Zinzake ndi 2, 3, 5, 11 ndi 13. Nambala yathu ija nayonso ndi ya m'gulu limeneli.

Wansembe wa ku France

Marin Mersenne anali wansembe wa Chikatolika wokonda masamu. Iye ankatenga 2 n'kumamuchulukitsa ndi 2 kangapo, kenako n'kuchotsapo 1. Onani: 4 kuchotsa 1 ndi 3. 8 kuchotsa 1 ndi 7. 32 kuchotsa 1 ndi 31. Zonsezi n'zosagawika. Koma si nthawi zonse: 2,047, yomwe imatulukanso m'njira yomweyi, ndi 23 kuchulukitsa ndi 89.

Mu 1644, Mersenne analemba kuti tikachulukitsa ma 2 okwana 31 n'kuchotsapo 1, yotulukayo, yomwe ndi nambala yathu ija, ndi yosagawika. Ananena zoona, koma umboni sanapereke.

Munthu wosaona anatsimikiza

Leonhard Euler anabadwira ku Basel, m'dziko la Switzerland, mu 1707. Diso lake lamanja linafa iye akadali wachinyamata. Pofika 1771 linalo linali litachitanso khungu, ndipo chaka chomwecho nyumba yake ku St Petersburg inapsa.

Mu 1772, ali m'mavuto otere, anatsimikiza kuti nambalayi ndi yosagawikadi. Kunalibe kompyuta. Iye sanayese nambala iliyonse. Anayamba waona kuti palibe chifukwa choyesera zoposa 46,340. Kenako anapeza njira yosefera zotsalazo, mpaka zoyenera kuyesa zinatsala zosapitirira 400. Ntchito zake zambiri pa nthawiyo ankachita kunena pakamwa, ana ake ndi omuthandiza n'kumalemba. Nzeru yaikulu inali pamenepa: kudziwa zimene sukufunika kuyesa.

Masiku ano

Makompyuta ambiri akale sangasunge nambala yoposa 2,147,483,647 m'malo amodzi owerengera. Ena mwa iwo amasunga nthawi powerenga masekondi kuyambira pa 1 Januwale 1970. Masekondiwo adzakwana nambalayi pa 19 Januwale 2038, nthawi ili 5:14 m'mawa kuno kwathu. Makina amene sadzakonzedwa adzasokoneza deti. N'chifukwa chake akatswiri ayamba kale kusintha mapulogalamu kuti azisunga nambala zokulirapo.