Njira Yopita ku Dooko: Mbiri ya Gombe la Nyanja ndi Thumba la Khonsolo

Aliyense amene adayendapo pa msewu wochoka m'tawuni ya Mangochi kulowera ku Monkey Bay, kapena wochoka pa Salima kutsikira ku Senga Bay, akudziwa chinthu chimodzi chodabwitsa. Nyanja umaimva kafungo kake, mphepo ya mwera n'kumakuomba kumaso, koma kuti uione ndi maso pamafunika khama. M'madera ambiri, pakati pa msewu ndi madzi pandandalika mipanda ya njerwa yotchinga mahotela, malo ogona alendo ndi nyumba zopumulirako anthu opeza bwino. Apo ndi apo pamapezeka kampata kopanikiza kamene amayi osenza mabeseni a zovala ndi mbale amadutsamo mondondozana, asodzi nawo n'kumapanikizana momwemo ndi nkhafi zawo paphewa. Kampata kameneko ndiko katsala pa chinthu chimene makolo athu ankachilemekeza kwambiri, chotchedwa dooko.

Funso lomwe ambiri amafunsa ndi lakuti, kodi adagulitsa gombe ndani? Funso limeneli ndi labwino, koma lili ndi linzake limene sitilifunsa kawirikawiri: kodi ndani adapatsidwa ndalama zoti azisamalira gawo la gombe lotsalira anthu wamba? Mbiri ikuonetsa kuti kuchokera m'nthawi ya atsamunda kufikira lero, boma laling'ono, lomwe lili pafupi ndi madzi, lakhala likupatsidwa udindo koma osapatsidwa thumba.

Kale, Anyanja, Ayao, Atonga, Atumbuka ndi Ankhonde okhala m'mbali mwa nyanja sankadziwa zoti munthu mmodzi angathe kunena kuti mchenga uwu ndi wanga. Mudzi uliwonse udali ndi madooko ake. Padali potunga madzi akumwa, posamba amayi, posamba abambo, pokocheza mabwato ndiponso poyanika makoka ndi nsomba. Mfumu ndiyo inkayang'anira malo amenewa, ndipo asodzi akapha bwino ankaipatsako mtulo wa nsomba. Njira yopita kumadzi ikawirira, anthu ankailambula limodzi popeza mutu umodzi susenza denga. Panalibe bajeti chifukwa panalibe chogula. Tisaiwale, komabe, kuti madooko ena ali ndi mbiri yowawa: pa Nkhotakota, m'nthawi ya a Jumbe, akapolo ndi minyanga ya njovu ankaolokera tsidya lina la nyanja pa zombo za matanga.

Zinthu zidayamba kusintha pamene azungu adafika. M'chaka cha 1875 amishoni a ku Scotland adamanga Livingstonia yoyamba ku Cape Maclear, asanasamukire ku Bandawe mu 1881. Mu 1891 dziko lino lidalowa m'manja mwa Britain, ndipo Harry Johnston adakhazikitsa linga la Fort Johnston, komwe lero ndi ku Mangochi. Ulamuliro watsopanowu udabweretsa zinthu ziwiri zachilendo: chikalata cha umwini wa malo ndi msonkho wa nyumba. Chikalata chidaphunzitsa anthu kuti malo angathe kukhala a munthu mmodzi, ngakhale munthuyo asakhalepo. Msonkho udaphunzitsa ndalama njira yochokera m'mudzi kupita ku Zomba, komwe kudali likulu la dziko.

Mu 1933 atsamunda adakhazikitsa malamulo opatsa mafumu akuluakulu mphamvu zolamulira madera awo ndi kuweruza milandu, ndipo pambuyo pake mafumuwo adakhala ndi timatumba ta ndalama. Uku ndiye kudali kubadwa kwa bajeti ya boma laling'ono m'Nyasaland. Koma thumbalo lidali lopepuka. Gawo lalikulu linkathera pa malipiro a mafumu, alembi a makhoti ndi amesenjala, ndipo zotsala zochepa n'zimene zinkagwira ntchito za zitsime, misika ndi misewu ya m'midzi. Palibe amene adaganiza zoika padera ndalama zotetezera dooko, chifukwa nthawi imeneyo gombe linkaoneka ngati thambo: lalikulu, losatha ndiponso la aliyense.

Chikhalirecho, m'zaka zomwezo, gombe lidayamba kukhala ndi mtengo. Njanji idafika ku Chipoka ndi ku Salima mu 1935, ndipo azungu a ku Blantyre ndi Zomba adayamba kupita kunyanja kukapuma. Ku Senga Bay kudali hotela ya Grand Beach. Kumwera kwa nyanja, Agiriki a banja la Yiannakis adayamba usodzi wa malonda m'zaka za m'ma 1930, ndipo usodzi wotero umafuna malo akeake okochezera maboti ndi osungira nsomba. Mu 1949 ndi 1950 ndege zotera pamadzi za kampani ya BOAC zinkaima ku Cape Maclear pa ulendo wa pakati pa England ndi Johannesburg. Mu 1951 sitima ya Ilala idayamba kuyenda panyanja. Pofika mu 1953, pamene lamulo lokhazikitsa makhonsolo a maboma lidabwera, anthu a ndalama adali atazindikira kale kuti malo oyang'anizana ndi madzi ndi chuma. Makhonsolo atsopanowo adatanganidwa ndi sukulu za pulayimale, misika ndi misewu, zomwe zidalidi zofunika, ndipo nkhani ya gombe idakhala yopanda mwini.

Ufulu wodzilamulira utabwera mu 1964, ambiri adayembekezera kuti mphamvu zitsikira kwa eni nthaka. Koma lamulo la malo la 1965 lidapereka kwa nduna mphamvu zobwereketsa malo a makolo kwa munthu kapena kampani kwa zaka zofika 99. Kachitidwe kake kadali kosavuta. Wofuna malo ankafika kwa nyakwawa ndi kamphatso, nyakwawa n'kuvomera, zikalata n'kupita ku unduna, kenaka mpanda n'kuimikidwa. Nthawi zambiri mfumu inkaganiza kuti ikupatsa mlendo pokhala monga mwa mwambo, poti mlendo ndi mame sachedwa kukamuka. Sinkadziwa kuti mame amenewa adzakhala zaka pafupifupi zana limodzi. Motero makampani, mabungwe ndi anthu olemera adamanga nyumba zopumulira motsatizana, makamaka ku Mangochi, Salima, Nkhotakota ndi Nkhata Bay. Ndalama za lendi ya malowo zinkapita ku boma lalikulu, poyamba ku Zomba ndipo kuyambira mu 1975 ku Lilongwe.

Nthawi yomweyo makhonsolo adali kufooka. Pansi pa ulamuliro wa chipani chimodzi wa Dr. Hastings Kamuzu Banda, ntchito zambiri za makhonsolo zidatengedwa ndi maunduna, ndipo mapulani a chitukuko ankakambidwa m'makomiti otsogozedwa ndi bwanamkubwa. Khansala adali munthu wa chipani, ndipo sakadayerekeza kufunsa chifukwa chimene mpanda wa bwana wina watsekera njira ya amayi. Boma lalikulu lidachitapo zabwino ndithu. Mu 1980 lidakhazikitsa paki ya Lake Malawi ku Cape Maclear, imene bungwe la UNESCO lidaiika pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse mu 1984, ndipo midzi monga wa Chembe idasiyidwa kuti ipitirize kukhala pomwepo ndi kusodza. Koma cholinga cha pakiyo chidali kuteteza mbuna ndi zachilengedwe zina, osati kutsegula gombe kuti mwana wa mlimi wa ku Dedza adzaone nyanja ya dziko lake mosavuta.

Ulamuliro wa zipani zambiri udabwera ndi mawu okoma akuti mphamvu ku anthu. Mu 1998 dziko lidalandira ndondomeko yotsitsira mphamvu ku maboma aang'ono pamodzi ndi lamulo lake. Ndondomekoyo idalonjeza kuti boma lalikulu lizipereka ku makhonsolo ndalama zosachepera 5 kwacha pa 100 kwacha iliyonse imene latolera m'dziko muno. Idatchulanso njira zimene makhonsolo angapezere ndalama paokha: misonkho ya nyumba ndi malo, lendi ya malo, ziphaso za malonda ndi za m'misika, komanso malonda a khonsolo monga nyumba zogona alendo.

Pa pepala zonsezi zidali bwino, koma fodya wako ndi amene ali pamphuno. Makhonsolo akhala akudandaula chaka ndi chaka kuti ndalama zochokera ku likulu zimabwera zochepa ndiponso mochedwa. Zambiri mwa zimene zimafika zimakhala zitamangidwa kale mfundo: izi n'za zipatala, izi n'za maphunziro, izi n'za ulimi. Msonkho wa nyumba umatoleredwa makamaka m'matawuni ndi m'mizinda, pamene gombe lalikulu lili m'madera a kumidzi. Msonkho wa zokopa alendo umene mahotela amatolera umapita ku boma lalikulu. Chotsatira chake n'chakuti khonsolo ya boma la m'mbali mwa nyanja imadalira kwambiri chiphaso cha mayi wogulitsa usipa pamsika, koma mayi yemweyo akafuna kukapikula usipawo amayenda mtunda wautali mozungulira mipanda.

Padaonjezekanso vuto la kusowa kwa oyankhulira anthu. Chisankho cha makhansala chidachitika mu Novembala 2000, koma nthawi yawo itatha mu 2005, dziko lidakhala lopanda makhansala mpaka mu Meyi 2014. Kwa zaka 9 bajeti za makhonsolo zinkakonzedwa popanda munthu wosankhidwa ndi anthu a m'wodi woti aimirire n'kunena kuti kwathu njira ya ku dooko yatsekedwa. Mkati mwa nyengo imeneyi, mu 2006, mudabadwa thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu limene ambiri amalidziwa kuti CDF. Thumba limeneli lamanga milatho ing'onoing'ono, midadada ya sukulu ndi zina zooneka ndi maso. Koma njira yopita kumadzi ilibe khoma lolembapo dzina la munthu, choncho si kawirikawiri kuti ikumbukiridwe.

Wina angafunse kuti, kodi mchenga umafuna ndalama zanji? Yankho lake n'lakuti gombe la anthu onse lili ndi zofuna zake monga msika kapena depoti. Pamafunika akatswiri oyeza malo kuti aike zizindikiro za malire, ndi loya woteteza malirewo kukhoti. Nthawi zina pamafunika chipukuta misozi kwa amene ali ndi chikalata kuti abweze kagawo ka malo kodutsa anthu. Pamafunika zimbudzi, mjigo, motaya zinyalala, mthunzi woyanikirapo ndi kugulitsirapo nsomba, ndiponso anthu odziwa kusambira oti azipulumutsa omira, makamaka pa Khirisimasi, pa Isitala ndi pa Tsiku la Anakubala, pamene mabasi odzaza ndi anthu amatsikira ku Salima ndi ku Mangochi. Pa masiku amenewa ambiri amalipira pachipata cha hotela kuti afike pamchenga. Mwini hotela salakwa kulipiritsa, poti amasesa ndi kulonda malo ake. Cholakwika n'chakuti wopanda ndalama yapachipata alibe kwina kosamalika koti apite.

Mtengo wa kunyalanyaza kumeneku tidaulipira ndi miyoyo. Mliri wa kolera umene udayamba mu Marichi 2022 ndi kupitirira mu 2023 udapha anthu oposa 1,700, ndipo maboma a m'mbali mwa nyanja monga Mangochi, Salima ndi Nkhata Bay adali m'gulu la okhudzidwa kwambiri. Pamene anthu ambiri apanikizana pa kagombe kamodzi kopanda chimbudzi, potunga madzi, potsuka mbale ndi podzithandizira pamakhala pamodzimodzi. Mu 2024 nyanja nayo idapereka phunziro lake. Madzi adakwera kwambiri mpaka kulowa m'mahotela ndi m'nyumba zambiri ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota. Apa m'pamene ambiri adakumbukira kuti malamulo a madzi saloleza kumanga pafupi kwambiri ndi nyanja. Lamulo lidalipo kale, koma lamulo lopanda womuyendera ndi mafuta a galimoto yake limangogona m'kabati.

Tisaganize kuti anthu a kunyanja sadziwa kusamala zawo. Pa chilumba cha Mbenji ku Salima, ufumu wa Makanjira wakhala ukutseka usodzi nyengo ya mvula kuyambira m'zaka za m'ma 1950, ndipo asodzi amamvera. Ku nyanja ya Malombe, chambo chitachepa, mu 1993 kudayambika makomiti a m'madooko, ndipo lamulo la za usodzi la 1997 lidatsegula khomo loti asodzi azitenga nawo mbali posamala nsomba. Zitsanzo zimenezi zikuonetsa kuti nzeru ndi mwambo zilipo. Koma komiti ya pa dooko ingathe kuletsa ukonde wa maso aang'ono, siingathe kugwetsa mpanda wokhala ndi chikalata cha boma. Malamulo a malo a 2016, amene adakonzedwanso mu 2022, amapereka mwayi woti malo ogwiritsa ntchito anthu onse azindikirike kuti ndi a mudzi wonse. Komabe kuyeza ndi kulembetsa malo otero kumafunanso ndalama, ndipo tabwerera pa thumba lomwe lija.

Kuchokera ku Karonga, Rumphi, Nkhata Bay, Likoma, Nkhotakota, Salima, Dedza mpaka Mangochi, makhonsolo amakhala pansi chaka chilichonse kukonza bajeti. M'mabuku amenewo ndi mmene tsogolo la dooko lidzalembedwe kapena kufufutidwa. Ngati gawo la lendi ya malo a m'gombe ndi la msonkho wa alendo litamatsalira m'boma limene latoleredwa, ndipo khonsolo n'kukhala ndi mzere wooneka bwino wa ndalama za njira ndi magombe a anthu onse, kampata kopanikiza kaja kangathe kukhalanso njira. Madzi akatayika saoleka, ndipo gombe limene lidapita kale n'lovuta kulibweza. Koma madooko amene atsala akadali m'manja mwathu, ndipo mwana wobadwira pa Makawa kapena pa Chintheche sayenera kukula akuimva nyanja kuseri kwa mpanda.