Ntchito za uphunzitsi ndi kafukufuku m'mayunivesite a boma ku Malawi

Ntchito za uphunzitsi ndi kafukufuku m'mayunivesite a boma ku Malawi ndi maudindo a anthu amene amaphunzitsa ophunzira a madigiri komanso kuchita kafukufuku m'sukulu zaukachenjede. Mwayi wa ntchitozi umalengezedwa m'nyuzipepala monga The Nation ndi The Daily Times komanso pa intaneti.

Mbiri

Yunivesite ya Malawi inakhazikitsidwa mu 1964 ndipo inalandira ophunzira oyamba mu 1965 ku Blantyre. M'zaka zoyambirira aphunzitsi ambiri anali ochokera kunja, makamaka ku Britain. Kwa zaka zoposa 30 inali yunivesite yokhayo ya boma, mpaka pamene Yunivesite ya Mzuzu inayamba kuphunzitsa mu 1999. Kenako kunabwera LUANAR, yomwe inachokera ku koleji ya zaulimi ya Bunda, ndi MUST, yomwe inatsegulidwa ku Thyolo mu 2014. Mu 2021 Yunivesite ya Malawi inagawidwa patatu: UNIMA ku Zomba, KUHeS ya zaumoyo, ndi MUBAS, yomwe kale inkatchedwa Polytechnic. Tsopano yunivesite iliyonse imalemba yokha antchito ake.

Maudindo

Maudindo amakwera motsatana. Wophunzira amene wakhoza bwino kwambiri digiri yoyamba atha kulembedwa ngati staff associate, ndipo amayembekezeka kupitiriza maphunziro. Udindo wa lecturer umafuna digiri ya masitazi kapena ya PhD. Pamwamba pake pali senior lecturer, associate professor, ndipo pomaliza pulofesa.

Kukhalitsa pa ntchito pakokha sikumukweza munthu. Komiti yoona zokweza maudindo imayang'ana kwambiri zimene mphunzitsi wafalitsa m'mabuku ndi m'magazini a akatswiri, momwe nkhani imayamba yaunikidwa ndi akatswiri ena isanasindikizidwe. Imaonanso kaphunzitsidwe kake ndi ophunzira a masitazi ndi PhD amene wawatsogolera. Choncho mphunzitsi wokhala ndi makalasi aakulu amachedwa kukwera ngati sapeza mpata wolemba.

Kafukufuku

Ena amalembedwa kuti azichita kafukufuku basi. Ku Zomba kuli Centre for Social Research, yomwe inayamba mu 1979, ndi Centre for Language Studies, yomwe inalowa m'malo mwa Chichewa Board mu 1996. Ku Blantyre, bungwe la Malawi-Liverpool-Wellcome limagwira ntchito ndi KUHeS pofufuza matenda monga malungo ndi chifuwa chachikulu. Ntchito zambiri zotere zimadalira ndalama zochokera kunja, motero zimakhala za kontirakiti ndipo zimatha pulojekiti ikatha.

Ufulu wa aphunzitsi

Ntchitozi zakhala zikukhudzidwa ndi ndale. Mu 1987 Jack Mapanje, mlakatuli komanso mkulu wa dipatimenti ya Chingerezi ku Chancellor College, anamangidwa ndi kusungidwa kundende ya Mikuyu popanda kuzengedwa mlandu mpaka mu 1991. Mu February 2011 mkulu wa apolisi Peter Mukhito anaitanitsa Blessings Chinsinga, mphunzitsi wa zandale, n'kumufunsa za chitsanzo chimene anapereka m'kalasi. Aphunzitsi, motsogozedwa ndi Jessie Kabwila, ananyanyala ntchito pofuna kutsimikiziridwa kuti ali ndi ufulu wophunzitsa mopanda mantha. Kolejiyo inatsekedwa kwa miyezi ingapo, ndipo aphunzitsi anayi amene anachotsedwa ntchito anabwezeretsedwa chaka chomwecho.