Odi! Mbiri ya Alakatuli ndi Timagazini Tawo

Ndakatulo za m'dziko muno zinayambira pakamwa. Sukulu zisanafike, amayi ankapeka nyimbo pamtondo, abambo pobwera kuuzimba, ndipo ana ankaphunzira kupinda mawu kudzera m'nthano ndi zilapi. Mayi amene sakanatha kudzudzula mwamuna wake kapena apongozi pamaso ankaika dandaulo lake m'nyimbo yosinjira. Mudzi wonse unkamva, wolakwayo ankadzidziwa, koma panalibe womuzenga mlandu woimbayo, pakuti nyimbo inali ndi ufulu umene mawu wamba analibe. Luso lonena zoona mophiphiritsali ndi limene linadzatchinjiriza alakatuli athu pa nthawi ya zoopsa.

Ndakatulo zolembedwa m'chilankhulo chathu zinayamba kuzika mizu pamene E.J. Chadza anatulutsa buku lake la Ntchito ya Pakamwa m'chaka cha 1963. Dzina la bukulo lokha likuchitira umboni kumene mlembiyo anatunga nzeru zake. Koma patangopita zaka zisanu, mu 1968, chaka chomwe Chichewa chinakhala chilankhulo cha fuko, boma linakhazikitsanso lamulo lounika mabuku, masewero ndi nyimbo. Bungwe lounikalo linali ndi mphamvu yoletsa cholembedwa chilichonse, ndipo mlembi wokhudza ndale ankadziwa kuti akusewera paulimbo.

M'nyengo yoteroyo, m'chaka cha 1970, ophunzira ndi aphunzitsi angapo a ku Chancellor College, imene panthawiyo inali ku Chichiri mumzinda wa Blantyre, anayambitsa kagulu kotchedwa Writers' Group. Mwa ophunzirawo munali Jack Mapanje, Lupenga Mphande ndi Frank Chipasula. Ankakumana sabata ndi sabata. Mlembi ankabweretsa ndakatulo yake, anzake n'kuiwerenga, kuisenda ndi kuipeta mosanyengerera, ngati momwe akuluakulu amaunikira mlandu pabwalo. Kolejiyo itasamukira ku Zomba mu 1973, kaguluko kanasamuka nayo.

Popeza makampani osindikiza mabuku anali ochepa, alembiwa anadzipangira okha njira. Mu 1971 anatulutsa kabuku ka ndakatulo 39 kotchedwa Mau. Panalinso The Muse, timapepala totayipidwa ndi kuchulukitsidwa pamakina a muofesi, momwe munkalowa ndakatulo zokakambirana pamsonkhano. Magazini ya Odi inkasindikiza zolembedwa m'Chichewa ndi m'Chingerezi, ndipo dzina lake linali mawu amene mlendo waulemu amanena pakhomo asanalowe. Ina, yotchedwa Kalulu, inkasonkhanitsa nthano, nyimbo ndi miyambo ya pakamwa. Timagaziniti tinali tamasamba ochepa ndipo tinkatuluka mwa apo ndi apo, komabe ambiri mwa alembi amene dziko limanyadira lero anayamba kuona mayina awo atasindikizidwa m'menemo.

Chimene chinawathandiza kulankhula ndi chuma cha makolo. Steve Chimombo anatenga Napolo, chinjoka chimene anthu amati chikamasamuka kuphiri chimagumula nthaka ndi kukokolola midzi, n'kumusandutsa chithunzi cha mphamvu yowononga imene palibe angaifunse. Sewero lake la The Rainmaker linachokera m'mbiri ya M'bona. Mapanje analemba za Chingwe's Hole, dzenje la paphiri la Zomba limene mbiri imati munkaponyedwa anthu, ndiponso anasankha bilimankhwe, kanyama kosintha maonekedwe kuti kapulumuke, kukhala chizindikiro cha mlakatuli. Wounika mabuku ankaona nthano yakale, pamene wowerenga wa kuno ankamva nkhani ya tsiku lomwelo. Mu 1981 Enoch Timpunza Mvula anasonkhanitsa ndakatulo za Chichewa m'buku la Akoma Akagonera, dzina lochokera pamwambi wonena za mawu a akuluakulu.

Chophimba chimenechi sichinateteze aliyense mpaka kalekale. Chipasula anathawira kunja. Felix Mnthali, mphunzitsi ndi mlakatuli, anatsekeredwa popanda mlandu. Buku la Mapanje la Of Chameleons and Gods, limene linatuluka ku London mu 1981, linachotsedwa m'masitolo ndi m'masukulu, ndipo pa 25 Seputembala 1987 mwini wake anamangidwa ku Zomba. Anakhala m'ndende ya Mikuyu zaka zitatu ndi miyezi isanu ndi iwiri osaonekera kubwalo la milandu, kufikira anamasulidwa mu Meyi 1991, alembi a m'maiko ambiri atamudandaulira kosalekeza.

Ngakhale zinali choncho, ntchito sinaime. Anthony Nazombe anasonkhanitsa ndakatulo zatsopano m'buku la The Haunting Wind mu 1990, ndipo Chimombo anayambitsa magazini ya zaluso ya WASI. Gulu la zisudzo la kolejiyo, Travelling Theatre, linkatengera masewero kumasukulu ndi kumidzi. Benedicto Wokomaatani Malunga anakweza ndakatulo za Chichewa pawailesi ndi pamisonkhano, kotero kuti ngakhale osadziwa kuwerenga anazikonda. Riferendamu ya mu 1993 itatsegula pakamwa pa anthu, alakatuli anachuluka m'mawailesi, m'maukwati, m'matchalitchi ndi pamiyambo ngati uno.

Lero mlakatuli amalankhula mosaopa, koma pali ngozi ina yachete. Timagazini tija tinasindikizidwa pang'ono chabe, papepala losachedwa kufumbwa, ndipo ambiri mwa amene ankatilemba, monga Chimombo ndi Nazombe, anatsikira kuli chete. Totsala tili m'nyumba zosungira mabuku zowerengeka ndi m'masutikesi a mabanja, momwe chiswe ndi chinyontho sizisankha. Nyimbo za pamtondo nazonso zikuzilala pamene chigayo chalowa m'malo mwa munsi. Banja limene lili ndi kope la Odi, Kalulu kapena The Muse lasunga chuma cha fuko, ndipo lichita bwino kulipereka kuti lijambulidwe ndi kusungidwa pamalo oyenera. Agogo amene akukumbukirabe nyimbo zosinjira ayenera kujambulidwa mawu adakali moyo.