Ng'ombe Zadothi ndi Galimoto Zawaya ku Ntcheu

Mbiri ya boma la Ntcheu kaŵirikaŵiri imasimbidwa potchula mafumu: kufika kwa Angoni a kwa Maseko, kuphedwa kwa Inkosi Gomani Woyamba ndi Atsamunda m'chaka cha 1896, ndi kuchotsedwa pa mpando kwa Inkosi Philip Gomani mu 1953 chifukwa chokana chitaganya. Koma ilipo mbiri ina imene siitchulidwatchulidwa, popeza eni ake adali ana, ndipo chuma chawo chinkasungunuka ndi mvula yoyamba.

Pakati pa 1935 ndi 1939, mayi wina wa ku England, Dr. Margaret Read, adakhala pakati pa Angoni a m'dziko muno, a kwa Gomani omwe, ndipo mu 1959 adatulutsa buku lotchedwa Children of Their Fathers. M'bukumo adafotokoza za laweni, nyumba yogonamo anyamata okhaokha. Mano a ubwana akangoyamba kuguluka, mnyamata ankachoka m'manja mwa amayi ndi agogo ake nkukaloŵa m'laweni. Kumeneko kudalibe womunyengerera. Wamng'ono ankatumidwa ndi wamkulu, ndipo m'maŵa onse ankatsegulira ziŵeto kupita nazo kudambo.

Kubusa kumeneko ndiko kudali malo oumbira. Ng'ombe zenizeni zikamadya, abusa ankafukula dongo m'mphepete mwa mtsinje nkuumba zawozawo: nkhunzi ya linunda lalikulu, zazikazi, mathole, kenaka khola la timitengo. Zikauma padzuŵa ankazimenyanitsa, ndipo nkhunzi yothyoka nyanga idali yogonja. Tsono apa mpamene padali nzeru. Mwana wophwanyikiridwa ankabwerera kumtsinje atadziŵa kuti dothi lake lidachuluka mchenga, kapena kuti adafulumira kuyanika. Palibe mphunzitsi adamuuza zimenezi. Ndiponso kuti munthu aumbe ng'ombe yoti anzake aizindikire kuti ndi iti m'khola la kwawo, adayenera kukhala ataiyang'anitsitsa masiku ambiri.

Masika akafika, anyamata ndi atsikana ankakumana ku masanje. Ankamanga timisasa ta mapesi kunja kwa mudzi, nkupita m'minda yokololedwa kukakunkha chimanga, nyemba ndi maungu zotsalira. Atsikana ankasinja ndi kuphika nsima yeniyeni m'timiphika takutha, anyamata nkumabwera ndi mbeŵa kapena mbalame zogwira ndi ulimbo. Padali amfumu oweruza milandu, padalinso fisi, mnyamata wosoŵa banja, amene ntchito yake idali kuba ndiwo nkuthaŵira nazo patchire. Akuluakulu ankangoseka, komabe diso lidali pomwepo, pakuti mtsikana wophika nsima yambulu ku masanje ankadziŵika mudzi wonse dzuŵa lisanaloŵe.

Nguli, nsikwa, phada ndi chipako zidalipo monga m'maboma ena onse.

Zinthu zidayamba kusintha pamene sukulu za mishoni, monga ya ku Gowa, ya ku Mlanda ndi ya ku Nzama kumene Akatolika adakhazikika mu 1901, zidayamba kulanda mmaŵa wa ana, ndiponso pamene abambo ambiri adapita ku migodi ya ku Joni ndi ku Southern Rhodesia. Msewu waukulu wopita ku Lilongwe umadutsa m'bomali, motsata malire a Mozambique pa Biriwiri ndi pa Lizulu, choncho ana ankaona malole ndi mabasi tsiku ndi tsiku. Zimene maso aona manja amafuna kupanga. Poyamba galimoto zidali za mapesi ndi chiŵale. Pambuyo pake zidadza zawaya, zomangidwa ndi mphira wa machubu, mateyala ake a zitini kapena zitsekerero za mabotolo, ndi chiwongolero chachitali chimene chinkakhotetsadi mateyala akutsogolo. Ena amati maseŵera amakolo adathera pomwepo. Koma sizili choncho: mwana amene adaŵerama m'mbali mwa msewu kusuzumira kunsi kwa lole adali mbale wake wa uja woyang'anitsitsa nkhunzi.

Chovuta chidali waya. Dongo lidali laulere, pamene waya ankachita kutola, kusinthanitsa ndi mbatata yootcha, ndipo nthaŵi zina kumasula usiku pa mpanda wa eni ake. Agogo ambiri a ku Tsangano ndi ku Bawi, amene lero amadzudzula zidzukulu zawo chifukwa cha mafoni, adalaŵapo mkwapulo pa mlandu umenewu.