Kujambula Gitala Yopanda Magetsi Pakhomo m'Chigwa cha Shire

Gitala yopanda magetsi imalira chifukwa nsambo zikakhudzidwa, thabwa lapamwamba limanjenjemera, ndipo mphepo ya m'bokosi imakulitsa mawuwo. Maikolofoni imatola kulira kumeneku pamodzi ndi phokoso lililonse la m'chipinda. N'chifukwa chake kukoma kwa nyimbo yojambulidwa pakhomo kumadalira kwambiri zimene zachitika munthu asanadine batani lojambulira, osati zimene kompyuta ingakonze pambuyo pake.

Ku Chikwawa ndi ku Nsanje nkhaniyi ndi yofunika, pakuti masitudiyo akuluakulu ali ku Blantyre ndi ku Lilongwe, pomwe chigwachi chili ndi mayimbidwe akeake, a valimba, bangwe ndi utse, amene oyimba ena anawasamutsira pa gitala. Mmodzi wa iwo ndi malemu Joseph Tembo, woyimba ndiponso wojambula nyimbo yemwe anakhalapo phungu ku Chikwawa ndipo anamwalira mu 2019. Achinyamata ambiri otsata njirayi amayambira pa foni kapena pa laputopu.

Choyamba ndi gitala yeniyeniyo. Mu Okutobala ndi Novembala, kutentha m'madera ngati Ngabu ndi Bangula kumapitirira madigiri 40. Gitala yosiyidwa pafupi ndi denga la malata imapinda khosi, guluu wogwira kathabwa komangirira nsambo amafewa, ndipo thukuta la m'manja limadyetsa nsambo dzimbiri msanga. Nsambo zadzimbiri zimalira mogontha, ndipo palibe pulogalamu yobwezera kuwala kumene sikunalowe m'maikolofoni. Nsambo zatsopano zimaikidwa tsiku limodzi kapena masiku awiri kujambula kusanayambe kuti zikhazikike, ndipo gitala imachunidwanso nyimbo iliyonse isanayambe.

Chipinda ndicho chimawononga nyimbo zambiri. M'nyumba ya simenti pansi, pulasitala m'makoma ndi malata pamwamba, mawu amagunda khoma n'kubwerera, gitala n'kumamveka ngati ikuyimbidwa mu mgolo. Nyumba ya udzu yozira ndi dothi, imene ena amaiona ngati yosayenera ntchitoyi, kawirikawiri imaposa ya malata. Kumene kulibe nyumba yotere, mkeka ndi bulangete pansi, matiresi oimika kukhoma kumbuyo kwa woyimba, ndi matumba a thonje m'makona zimameza mawu obwererawo. Thonje ndi labwino kwambiri chifukwa ndi lofewa komanso lochindikala, ndipo kuchigwa silisowa nthawi yokolola. Mathireyi a mazira amene ambiri amakhoma m'makoma ndi opyapyala, sagwira mawu a besi. Kuyesa chipinda n'kosavuta: munthu amaomba m'manja kamodzi, ndipo kukamveka kamchira kolira pambuyo pake, zofewa zikufunika kuwonjezera.

Nthawi nayo imasankhidwa. Masana malata amathetheka ndi dzuwa, nyenje zimalira, zigayo ndi njinga zamoto za kabaza sizipuma m'misika ngati wa pa Nchalo. Usiku kukayamba kuzizirira, kapena m'bandakucha atambala asanachuluke, ndiyo nthawi yabwino. Fani imazimitsidwa ngakhale kutenthe bwanji. Magetsi a ku Malawi amayenda pa 50 Hz, ndipo tchaja chosalongosoka chimalowetsa kang'ung'udza kameneka m'nyimbo, choncho ndi bwino kujambula ndi batire, tchaja chitazulidwa.

Cholakwa chofala ndi kulozetsa maikolofoni pabowo la gitala. Pabowo pamatuluka besi yochuluka, ya pafupi ndi 100 Hz, imene imakwirira nsambo zing'onozing'ono. Malo odalirika ndi pamene khosi lakumana ndi bokosi, pa feleti ya 12 mpaka 14, maikolofoni italikire masentimita 20 kapena 30. Ikasunthira kubowo mawu amanenepa, ikasunthira kukhosi amaonda ndipo kukwekwesa kwa zala kumamveka. Kusuntha kwa chikhatho chimodzi chokha kumasintha zambiri, ndiye woyimba amajambula pang'ono, n'kumvetsera pa mahedifoni, n'kusunthanso. Hugh Tracey, amene m'zaka za m'ma 1950 anajambula nyimbo za Amang'anja m'boma la Port Herald, lomwe lero ndi Nsanje, ankagwira maikolofoni m'manja n'kumaiyandikiza pamene pakufunika. Luso lake linali pomvetsera malo. Wojambula ndi foni azidziwa kuti maikolofoni yake ili kumunsi kwa foniyo, ndipo aikhazike pansalu yopinda kuti isatole kugwedera kwa tebulo.

Mphamvu yojambulira isafike pofiira. Mawu akaphulika sakonzeka, choncho pokwera penipeni pa nyimbo pazithera pakati pa -12 ndi -6 dB. Pa pulogalamu yaulere ya Audacity, kapena BandLab pa foni, amadula zonse za pansi pa 80 Hz, popeza nsambo yaikulu ya gitala imalira pa 82 Hz ndipo zapansi pake n'zinyalala chabe. Mawu akakhala olemera mopitirira, amachepetsa pang'ono pakati pa 200 ndi 300 Hz. Chida chochotsera phokoso chikakwezedwa kwambiri, gitala imamveka ngati ili m'madzi.

Nyimbo imasungidwa ngati WAV pa 44.1 kHz, ndipo MP3 imapangidwa pomaliza, kamodzi kokha. Uthenga wa mawu wa pa WhatsApp umafinya nyimbo n'kutaya kuwala kwa nsambo, choncho potumiza ku wailesi kapena ku situdiyo, fayilo imatumizidwa ngati dokyumenti kuti ikafike mmene inachokera.